Alendo a mishoni akufuna kudzayendera odwala kwambiri m'chipatala kuno ku Mangochi: tikonzekere bwanji?

Mlembi wa Mpingo, Mpondasi

Moni nonse abale ndi alongo. Komiti yathu ikupempha nzeru kwa odziwa. Mpingo wina wakunja womwe tili nawo pa ubale walemba kuti utumiza anthu 6, amayi 4 ndi abambo 2, adzakhale nafe masabata atatu mwezi wa Okutobala. Akufuna kuyendera odwala omwe matenda awakulira, a khansa, a TB, ofa ziwalo ndi ena omwe ali kayakaya, kupemphera nawo komanso kuthandiza pa chisamaliro. Mmodzi ndi namwino kwawoko, enawo si achipatala. Ati abweretsanso masutikesi awiri a mankhwala ndi mabandeji.

Chilolezo timakapempha kwa yani? Namwinoyo angagwire ntchito m'wodi? Enawo angachite chiyani ndi manja awo osawononga? Mankhwalawo tiwalandire? Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuno odwala ambiri ndi Asilamu, ndipo sitikufuna kuti ulendo wachifundo ubale chidani.

Namwino Wopuma, pa Boma

Alembi, mwafunsa nthawi ikadalipo, ndipo mwachita bwino, chifukwa zina mwa izi zimadya miyezi.

Yambani ndi kalata. Ngati mukufuna chipatala cha boma, kaya chachikulu cha pa Boma pano kapena cha Monkey Bay, kalata ipite kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, yemwe ambirife timangomutchabe a DHO, ina ipite kwa ametironi. Ngati ndi cha mishoni, monga St Martin's ku Malindi kapena Koche, lemberani oyang'anira chipatalacho. Zipatala zimenezi zili m'bungwe la zipatala za mipingo la CHAM ndipo chilichonse chili ndi mpingo mwini wake, ndiye nkhani ya mapemphero imadzera kwa wansembe wa pamalopo. M'kalatamo muike mayina a alendo, ntchito ya aliyense kwawo, masiku ndi maola olowera, wodi yomwe akufuna, ndi dzina la munthu wa mpingo wanu woti adzafunsidwe kanthu kakalakwika. Kalata yongoti "tikufuna kudzatumikira odwala" imagona m'dirowa, poti ametironi sadziwa chomwe akuvomera.

Namwino wakunja sagwira unamwino m'Malawi asanalembetse ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Akadakhala dokotala akadapita ku Medical Council of Malawi. Kumafunika masatifiketi otsimikizidwa, umboni woti chiphaso chake cha kwawo chikugwira ntchito, ndi ndalama yolembetsera. Atumize zimenezi panopa. Akafika asanalembetse, ndiye kuti ndi mlendo ngati anzakewo: sabaya jekeseni, saika diripu, sapereka mankhwala, satsegula faelo ya wodwala. Muwauzenso afunse ku Immigration asananyamuke kuti chiphaso cholowera ngati mlendo chikulola ntchito yongodziperekayi kapena ayi. Amishoni okhalitsa amayenera kukhala ndi TEP, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno kwa kanthawi.

Tsono za manja. M'zipatala mwathu wosambitsa, wodyetsa ndi wotembenuza wodwala ndi gadiyani, kawirikawiri mayi, mchemwali kapena mwana wake. Mlendo amalowa pansi pa gadiyaniyo, ndipo gadiyani ali pansi pa namwino wa wodiyo. Tsiku lililonse ayambe kaonekera kwa asisitala akulu a wodi, awafunse bedi loti apite ndi loti asayandikire. Pa bedi limodzi pakhale alendo awiri basi ndi womasulira mmodzi. Madokotala akayamba kuyendera odwala, atuluke.

Ntchito yaikulu kwambiri ndi kutembenuza. Wodwala yemwe satha kudzisuntha atembenuzidwe maola awiri aliwonse, apo ayi amatuluka zilonda za pogona. Zimayambira pomwe fupa lili pafupi ndi khungu: pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, zigongono, mapewa ndi kunkhongo. Apa mumvetse: azungu anaphunzira kufunafuna malo ofiira, koma pa khungu lakuda malo ovulalawo safiira. Amada kuposa pena ponse, amanyezimira, amatentha kapena kuuma ukawakhudza. Muwaonetse ndi chala. Akapeza malo otero asawasisite, chifukwa kusisita kumang'amba mnofu wamkati. Angochotsapo kulemera kwa thupi n'kuuza namwino. Potembenuza, yalani chitenje chopinda pawiri kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri agwire mbali ndi mbali n'kunyamula, osakoka, poti kukwekwesa ndiko kumasupula khungu. Pilo kapena nsalu yokulunga ikhale pakati pa mawondo, ina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Kenako sesani bedi ndi dzanja. Kachidutswa ka nsima youma kapena khwinya la nsalu, kwa munthu wowonda amene wagona pomwepo usiku wonse, ndi mwala.

Posambitsa, yesani madzi ndi chigongono. Yambani ndi nkhope popanda sopo, kenako manja, chifuwa, miyendo, msana. Mbali yomwe simukusambitsa ikhale yofunditsidwa. Kumaliseche n'kwa gadiyani, mlendo atembenukire kumbali kapena agwire chitenje chotchinga. Pukutani bwino m'khwapa, pansi pa mabere ndi m'mphechepeche, chifukwa ndi kutentha kwa Okutobala m'menemo mumasupuka msanga. Vaselini ndi wa khungu louma, osati pa chilonda chotseguka.

M'kamwa mumaiwalika, chonsecho munthu wa m'kamwa mouma satha kudya, kuyankhula ngakhale kupemphera. Tengani kapu ya madzi owiritsa ozizira, mchere wotsina ndi zala ziwiri, ndi kansalu koyera kokulunga pa chala chovala golovesi. Pukutani mano, nkhama ndi lilime kawiri kapena katatu pa tsiku, kansaluko kakhale kofinya. Milomo ipakeni vaselini pang'ono, koma osati kwa wodwala amene ali pa okosijeni, chifukwa mafuta ndi okosijeni zimagwira moto. Mukaona zoyera ngati mkaka wowundana pa lilime, ndi mauka a m'kamwa, auzeni anamwino apereke mankhwala.

Kudyetsa ndi komwe kumapha anthu mwakachetechete. Funsani kaye ngati wodwalayo akuloledwa kudya, poti ena akudikira opaleshoni, ena ndi a shuga ndipo botolo la zozizilitsa kukhosi lomwe mlendo wabwera nalo mwachikondi lingawapweteke. Mukhazikeni tsonga, supuni yaing'ono yosadzaza, dikirani ameze, ndipo akatha akhalebe tsonga mphindi 30. Akatsokomola kapena mawu akayamba kumveka ngati muli madzi kummero, lekani pomwepo: chakudyacho chikulowa m'mapapo ndipo pakapita masiku awiri chibayo chimayamba. Ofa ziwalo ndi a khansa ya kummero, yomwe ndi yochuluka m'dziko muno, ndiwo amatsamwa kwambiri. Wokomoka sapatsidwa kanthu kalikonse m'kamwa, ngakhale dontho la madzi odalitsidwa.

Katekisiti wa ku Makanjira

Amayi anamwino anena za thupi, ine ndiyankhe za pemphero, alembi, chifukwa nkhawa yanuyo ndi yoona.

Choyamba alendowo aphunzire kulonjera. Ayambe ndi gadiyani, akhale pansi kapena anjute kuti maso awo asakhale pamwamba pa wodwala, apereke chilichonse ndi dzanja lamanja. Agogo ambiri ochokera ku Makanjira, Namwera kapena Katuli amamva Chichewa, koma ululu ukakula munthu amabwerera ku chiyankhulo cha amayi ake. Gulu lililonse likhale ndi womasulira wodziwa Chiyao. "Ali uli?" ndi "Sikomo" zotuluka m'kamwa mwa mzungu zimatsegula nkhope yomwe ulaliki wa ola lathunthu sungatsegule.

Funso loyamba la zauzimu likhale lakuti, "Mumapemphera kuti?" Lachiwiri, "Mungakonde kuti tipemphere nanu, kapena tikuitanireni wa kwanu?" Choncho womasulira ayende ndi manambala a foni a ashehe a mzikiti wapafupi, a wansembe wa Katolika, wa Angilikani ndi abusa ena. Kumuitanira Msilamu ashehe ake ndi utumiki wachikhristu wathunthu, ndipo ndikunena izi ngati munthu wokhulupirira Uthenga Wabwino ndi mtima wonse. Ndi bwinonso komiti yanu ikaonane ndi ashehe alendo asanafike, iwauze chomwe akudzachita ndi chomwe sadzachita. Mphekesera yoti "azungu akubatiza odwala" ikatuluka pa geti la chipatala, imafika ku Namwera tsiku lomwelo.

Kumbukirani kuti wogona pabedi alibe mphamvu yokana. Amavomera pemphero chifukwa cha ulemu, kapena poganiza kuti mzungu akakhumudwa sopo sabwera. Choncho "eya" wake muzimuyeza ndi nkhope. Akatseka maso n'kutembenukira kukhoma, wakana. Ndipo mphatso isamangidwe pa pemphero. Wokana kupemphera alandire chimodzimodzi ndi wovomera.

Kwa Asilamu, bambo asagwire mayi, ngakhale kumusanjika dzanja pamutu, ndipo amayi achilendowo avale chitenje ndi malaya ophimba mapewa. Korani yomwe ili pafupi ndi pilo asaisunthe. Chakudya chilichonse chokhala ndi nkhumba chisalowe m'wodi. Msilamu akamatsirizika, abale ake amamunong'oneza mawu a chikhulupiriro chawo ndipo amakonda kuti nkhope yake iloze ku Makka, komwe kuchokera kuno ndi chakumpoto. Nthawi imeneyo mlendo abwerere m'mbuyo, athandize kutchinga ndi chitenje, asayimbe. Kubatiza munthu wokomoka, kapena kulengeza kuti "walandira Yesu" chifukwa wafinya dzanja, kumasiya moto m'banja: mawa lake pamakhala mkangano wa yemwe asambitse thupi ndi manda omwe aikidwe, alendo ali m'ndege. Kwa Akatolika, kulapitsa ndi kudzoza odwala ndi za wansembe yekha, mlendo amangothamangira kukamuitana.

Pemphero likhale la pa bedi limodzi, mawu otsika, mphindi ziwiri kapena zitatu. M'wodi mumagona anthu ambiri, ena pansi, ena sanagone usiku wonse. Zokuzira mawu, kuwomba m'manja ndi kufuula potulutsa ziwanda zitsale kutchalitchi. Ndime imodzi ya nyimbo yomwe wodwalayo wasankha yekha, kapena Salimo 23 kapena 121 m'Chichewa, zimakwana. Wodwala akamadziimba mlandu kuti matendawa ndi chilango, Yohane 9:1-3 ndi pabwino kuwerenga, pomwe Ambuye akukana kuti khungu la munthu uja linabwera ndi tchimo lake kapena la makolo ake.

Pali mawu awiri omwe asatuluke m'kamwa mwa aliyense: "wachira" ndi "chikhulupiriro chako n'chochepa". Oyambawo amachititsa munthu kutaya ma ARV kapena kusiya mankhwala a TB miyezi 6 isanakwane, ndipo amabwerera kuchipatala matenda atakula komanso mankhwala atasiya kugwira. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa zabodza za matendawa komanso kuulula za magazi a munthu iye asanavomere. Mawu achiwiriwo amasenzetsa munthu wakufa katundu wina pamwamba pa ululu wake. Pempherani machiritso, inde, koma pomaliza nenani kuti, "Mankhwala aja mupitirize."

Womasulira naye mumuphunzitse. Amasulire chiganizo chimodzichimodzi, asawonjezere. Omasulira athu ambiri ndi alaliki, ndiye mlendo akati "Mulungu ali nanu", iwo amapitiriza mpaka ku chiweruzo chomaliza.

Wodwala akafunsa mlendo kuti, "Kodi ndifa?", asayankhe kuti ayi, asayankhenso kuti inde. Abweze funso mofatsa: "Adokotala anakuuzani chiyani? Inuyo mukuona bwanji? Chikukudetsani nkhawa kwambiri n'chiyani?" Nthawi zambiri chimatuluka ndi nkhani ya ana, munda kapena m'bale amene anayambana naye. Zimenezo ndizo mpingo ungathandize. Za matendawo akauze namwino kuti wodwala akufuna kudziwa. Akanena kuti analodzedwa, mlendo asaseke, komanso asavomereze. Dzina la "mfiti" likatchulidwa pamaso pa amishoni n'kugwedezeredwa mutu, kumudzi kuli gogo wina amene nyumba yake itenthedwa. Kunenera munthu ufiti ndi mlandu m'malamulo athu kuyambira 1911.

Kilinikala Ofesa, Monkey Bay

Za masutikesi a mankhwala, alembi, alembereni lero kuti ayambe aima. Mankhwala olowa m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo a mphatso nawo amafunika chilolezo ndi kalata ya chipatala cholandira. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mankhwala a mphatso akhale ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo asanathe mphamvu pofika, alembedwe m'chiyankhulo chomwe olandira amawerenga, ndipo asakhale otsala kwa odwala ena. Zomwe zimafika m'masutikesi a mipingo kawirikawiri zimalephera zonse zitatu, ndipo chipatala chimatsala ndi ntchito yozitentha. Mofini, tramadol, codeine ndi diazepam asayerekeze n'komwe, angamangidwe nazo pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu. Afunse ku famase ya chipatalacho chomwe chikusowa. Yankho limakhala la zinthu wamba: magolovesi, gozi, pulasitala, sopo, matewera a akuluakulu, makintoshi. Zambiri zimagulika ku Blantyre, ndiye ndalama ndi yopepuka kuposa sutikesi. Zonse zilowe m'buku la famase, zisagawidwe bedi ndi bedi.

Pa zotembenuza zomwe amayi anamwino afotokoza ndiwonjezerepo chimodzi. Wovulala msana, wothyoka ntchafu, ndi amene khansa yamulowa m'mafupa asatembenuzidwe popanda namwino pomwepo. Fupa lodyedwa ndi khansa limathyoka ngati phesi. Ndipo wodwala amene akumva ululu ayambe walandira mankhwala ake, padutse mphindi 30, kenako ndiye kumusambitsa kapena kumusuntha.

Mofini ndiyo alendo opemphera ambiri saimvetsa. Kuno imaperekedwa yamadzi, yakumwa, maola 4 aliwonse motsata wotchi, ndipo pogona mlingo umawirikizidwa kuti wodwala asadzuke pakati pa usiku. Sitidikira ululu ubwerere, chifukwa ululu wobwerera umavuta kuugonjetsa kuposa woutsekereza. Ikaperekedwa motere siledzeretsa munthu ngati chamba ndipo sifupikitsa moyo. Mlendo asauze wodwala kuti apirire ngati Yobu n'kusiya botolo. Chomwe angathandize ndi kuona ngati gadiyani akudziwa mzere wa pa sirinji pomwe mlingo ukulekezera, ndi nthawi zake. Kwa osawerenga wotchi timagwiritsa ntchito zizindikiro: m'bandakucha, dzuwa litakwera, masana, dzuwa likamalowa, pogona. Pafupifupi aliyense womwa mofini amadzimbidwa, choncho funso la "Mwachita chimbudzi liti?" ndi lofunika ngati pemphero. Masiku atatu akadutsa, namwino adziwe. Mlingo wokha asaukhudze. Chilonda cha khansa chikamanunkha, anamwino amapera mapiritsi a metronidazole n'kuwaza pamenepo ndipo fungo limachepa m'masiku ochepa. Mlendo anene kwa namwino mwakachetechete, asagwire mphuno pamaso pa wodwala. Amayi a khansa ya khomo la chiberekero amadziwa kale kuti akununkha, ndipo chimene chimawapweteka ndi kuona anthu akutalikira. Pa maphunziro a chisamaliro chotere, funsani woyang'anira nkhanizi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kapena Palliative Care Association of Malawi. Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Queens ndi malo odziwika pa ntchito imeneyi.

Tsopano thanzi la alendowo. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo m'chaka chotsatira Dr Robert Laws anachitira komweko opaleshoni yogonetsa munthu ndi chloroform. Koma pofika 1881 malungo anali atawasamutsira ku Bandawe, n'kusiya manda a anzawo omwe alipo mpaka lero. Udzudzu wa m'mbali mwa nyanja sunasinthe. Aliyense abwere ndi mankhwala oteteza: doxycycline amayamba tsiku limodzi kapena awiri asanafike n'kupitiriza masabata 4 atachoka, ndipo amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, atovaquone-proguanil amapitiriza masiku 7 atachoka. Agone m'neti. Thupi likatentha ayezetse tsiku lomwelo, ngakhale atabwerera kwawo, ndipo akauze dokotala wakwawoko kuti anali ku Malawi.

Katemera wa hepatitis B ndi wobaya katatu m'miyezi 6, ndiye ayambe msanga. M'wodi ya TB kumafunika masiki ya N95 yogwira bwino pamphuno, osati yopepuka ija, mawindo akhale otsegula, ndipo woyembekezera kapena wa chitetezo chochepa m'thupi asalowemo. Wina akabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, yomwe nthawi zina imabisala m'zofunda, atsuke ndi sopo pa madzi oyenda, asafinye, auze namwino nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayamba maola 72 asanathe, makamaka tsiku lomwelo, ndipo amamwa masiku 28. Mlendo wa chimfine kapena wotsegula m'mimba akhale kunyumba, poti kachimfine kake ndi chibayo kwa wodwala wofooka.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inagunda Mangochi kwambiri, ndiye za m'manja tisachite nazo chibwana. Kusamba ndi sopo asanagwire wodwala ndiponso atamugwira, magolovesi atsopano pa bedi lililonse. Golovesi imodzi yoyenda nayo wodi yonse imateteza mwini wake n'kumagawa matenda kwa ena onse. Magazi kapena masanzi akatayikira pansi, Jiki wa 3.5% amasakanizidwa kapu imodzi ku makapu 6 a madzi, ndipo osakanizawo asagone, mawa apangidwe ena. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo, malita atatu pa tsiku, chifukwa Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 35 ndipo m'wodi ya malata munthu wosazolowera amakomoka ali chiimire. Ntchito ikhale m'mawa ndi chakumadzulo. Loweruka adzafuna kusambira pa nyanja. Auzeni za likodzo, ndipo wosambirayo akayezetse patatha miyezi iwiri kapena itatu. Aliyense akhale ndi inshuwalansi yolipira kunyamulidwa, chifukwa wodwala kwambiri kuchokera kuno amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Blantyre.

Mlembi wa Mpingo, Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, kalata ya a DHO tiilemba sabata ino. Patsala ziwiri. Alendowo ati akufuna zithunzi zokaonetsa mpingo womwe wawalipirira ulendo. Komanso odwala akamapempha ndalama, ayankhe chiyani?

Mayi wa Mvano, Chimwala

Bambo mlembi, foni zikhale m'thumba kuyambira pa geti. Munthu wowonda, wovala chitenje chokha, paipi ya mkodzo ikulendewera, sajambulidwa. Ngakhale atavomera, kuvomerako n'kwa munthu wosowa pogwira. Chithunzi chikafika pa Facebook chimabwerera kuno kudzera kwa abale omwe ali ku Johannesburg, ndipo mudzi wonse umayamba kunong'ona za matenda ake. Kumbuyo kwa chithunzicho mumakhalanso odwala ena omwe sanafunsidwe. Ajambule gulu lawo panja, katundu amene apereka ku famase, ndi anthu a mpingo wanu akuphunzira kutembenuza mnzawo wathanzi pa mphasa. Pokafotokoza kwawo asatchule dzina kapena mudzi wa wodwala.

Ndalama isatuluke m'thumba la mlendo pa bedi. Akapatsa mmodzi, mawa wodi yonse imadikira, ndipo wopatsidwayo amadedwa kapena kuberedwa usiku. Akachoka, amayi athu akamapita manja lende amaoneka ngati adya za azungu. Yankho likhale limodzi kwa onse: "Ine sindipereka ndalama, koma ndikauza a komiti." Alendo aike zomwe ali nazo m'thumba limodzi, losungidwa ndi anthu awiri a mpingo ndi buku, ndipo asisitala a wodi kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndiwo aloze ovutikitsitsa, chifukwa osowa kwenikweni nthawi zambiri ndi omwe sapempha. Mugwirizane lero chomwe thumbalo lingalipire: ufa, nkhuni, sopo, thiransipoti yobwerera kumudzi, ndi yodzatengera mofini ikatha. Mugwirizanenso za kunyamula maliro, poti pempho limeneli lidzabwera ndipo limadya ndalama yambiri. Ndipo pasapezeke wolonjeza kuti akamutengera wodwala kunja kapena kulipirira ana sukulu. Banja limagwira mawu amenewo zaka ndi zaka.

Musaiwale kumagadiyani. Kumeneko kuli mayi amene wagona pa simenti mwezi wathunthu, munda sunasosedwe mvula ili pafupi, ufa watha, ndipo sanasambe bwinobwino chifukwa akuopa kusiya wodwala yekha. Mlendo akakhala pa bedi ola limodzi, akukupiza wodwala ndi katoni n'kumamupukuta thukuta, mayiyu amapita kukasamba, kuphika, kapena kungogona pansi pa mtengo. Pamenepo safuna chiyankhulo, safunanso satifiketi. Mwa zonse zomwe alendo angachite, ichi ndicho magadiyani amachikumbukira.

Wodwala akatsirizika mlendo ali pomwepo, aitane namwino mwakachetechete. Si iye wolengeza imfa. Athandize kutchinga, asiye abale alire mmene timalirira kuno, asawatontholetse, asagwire thupi. Akhale pansi nawo ngati akufuna, osayankhula zambiri. Madzulo aliwonse gulu lonse likhale pamodzi mphindi 30, aliyense anene chomwe waona. Munthu amene sanaonepo mwana akumwalira amatha kukhala chete masiku awiri kenako n'kusweka, ndiye wotero apume tsiku limodzi osam'chititsa manyazi.

Paja mlendo ndi mame. Masabata atatuwo muwagawe poganizira za Novembala, iwo atapita. Masiku atatu oyamba asalowe m'wodi: aphunzire malonje, akaonane ndi ametironi ndi ashehe, ayeserere kutembenuza ndi kudyetsa. Mlendo aliyense ayende ndi anthu awiri a kuno, omwewomwewo tsiku lililonse, kuti odwala azolowere nkhope zotsala. Zimenezi zikupatsani anthu 12. Odwala ambiri a khansa amatulutsidwa kuti akasamalidwe kunyumba, choncho sabata yachiwiri yambani kuwatsatira kumudzi, amene avomera okha, mutadziwitsa amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Kumudziko mavuto ake ndi ena: mphasa pa dothi lolimba, madzi kutali, botolo la mofini lomwe liyenera kubisidwa ana asalifike, ndi tsiku lokatenga lina lomwe limaiwalika mpaka ululu utabwerera. Kabuku ka gululi kalembedwe tsiku lopitako, zomwe zachitidwa, zomwe zikusowa ndi tsiku lobwererako, koma dzina la matenda lisalembedwemo, chifukwa kabuku kamagwidwa ndi manja ambiri. Sabata yomaliza anthu athu ndiwo azigwira, alendo aziima pambali. Potsanzikana, mlendo amuuze wodwala zoona, kuti akupita Lachisanu ndipo mwina sadzaonananso, n'kumuonetsa mayi amene adzabwere Lachiwiri lotsatira.